MAINA A AKHRISTU M'KOMPYUTA YATSOPANO: TISASAMUTSE CIKWANGWANI NKUSIYA NYUMBA

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala caka ca 2025, dzuwa likuswa mtengo monga licitira mvula isanagwe, ku ofesi ya parishi yathu kunafika amai ena acikulire. Anacokera ku nthambi ya kutali, ndipo mdzukulu wao anawakweza pa njinga kuyambira mbandakuca. Atapereka moni ndi kukhala pa benchi, anamasula mfundo ya citenje cao natulutsa kapepala kopindidwa kanai.

"Aphunzitsi," anatero amaiwo, "mwana wanga wamkazi amene ali ku Kitwe afuna kumanga ukwati m'chalichi mwezi wa Disembala. Ansembe a kumeneko akuti atumize cikalata catsopano ca ubatizo. Anabatizidwa konkuno, inu nomwe munalipo."

Ndinamukumbukiradi mwanayo. M'caka ca 1997 ndinali mnyamata wothandiza akatekisti a ku nthambi imeneyo, ndipo ndine ndinagwira mbale ya madzi Lamulungu lotsatira Pasaka pamene makanda ambiri anabatizidwa. Tsono nditapempha cilolezo kwa Bambo Mfumu, ndinatsegula kabati ndi kutenga buku la ubatizo la zaka zimenezo. Ndinapezamo zimene tonse tinkazidziwa koma sitinkafuna kuzikamba: caka cina denga linadontha, madzi analowa m'kabati, masamba ena a pakati pa bukulo anamatana ndipo inki inasungunuka. Pamene madzi analekezera, ciswe cinapitiriza. Maina a nthambi ya amaiwo anali pa masamba omwewo.

"Musade nkhawa, amai," ndinatero ine modzikhulupirira. "Zonse zili m'kompyuta."

Ola limodzi lisanathe, mau amenewa anandicititsa manyazi. Miyezi itatu m'mbuyomo parishi inali itagula kompyuta yatsopano, ya m'manja, yopepuka ndi yofulumira, ndipo tonse tinali okondwa. Tinauzidwa kuti zonse za m'kompyuta yakale zasamutsidwa. Kacithunzi kolembedwa kuti UBATIZO kanalipodi pa galasi monga kale. Ndinakadina, koma m'malo mwa maina munatuluka kabokosi ka mau a Cingerezi konena kuti cimene ndikufunaco sicikupezeka. Ndinayesanso kaciwiri, kacitatu. Amaiwo ankangondiyang'ana, manja ali pa maondo. Pomaliza ndinawapempha kuti adzabwerenso pakatha masabata awiri, ndipo anabwerera kwao cimanjamanja, mtunda wonse uja.

Ndalemba nkhaniyi, owerenga okondedwa, podziwa kuti maparishi ambiri, masukulu, zipatala za mishoni, ngakhalenso mabanja, ali pa nchito yomweyi yosintha makompyuta. Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, monga inalekera Windows 7 mu 2020 ndi Windows XP mu 2014, ndipo makompyuta ambiri akale alibe mphamvu zolandirira Windows 11. Kusamuka kudzatifikira tonse. Akuluakulu anati cakudza siciyimba ng'oma. Cimene cinatigwera ife cikhale cokucenjezani inu.

MPINGO ULEMBERANJI MAINA?

Wina angafunse kuti: kodi kapepala n'ciyani pamaso pa Mulungu? Kunena zoona, cisomo ca ubatizo sicikhala m'kabati, ndipo Mulungu saiwala mwana wake ngakhale ciswe cidye mabuku onse. Koma Mpingo ndi banja la anthu a pansi pano, ndipo anthufe timaiwala, timasamuka, timamwalira. N'cifukwa cake Msonkhano waukulu wa ku Trent, m'caka ca 1563, unalamula ansembe a m'maparishi kuti azilemba m'mabuku onse obatizidwa ndi onse omanga ukwati. Mu 1614 buku la miyambo ya masakramenti la ku Roma linaonjezapo kuti azilembanso omwalira. Lero lamuloli tilipeza m'Malamulo a Mpingo a 1983, pa nambala 535: parishi iliyonse ikhale ndi mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a omwalira, bambo mfumu aone kuti akulembedwa molongosoka, ndipo ngakhale mabuku akale asungidwe mosamala.

Buku la ubatizo ndilo tsinde la mabuku onse. Pambali pa dzina la munthu aliyense pamasiyidwa malo. Akalandira ulimbitso, amalemba pamenepo. Akamanga ukwati, kaya ku Kitwe kaya ku Johannesburg, ansembe a kumeneko amatumiza uthenga ku parishi ya ubatizo wake, ndipo amalemba pamenepo. Akadzozedwa unsembe kapena akacita malumbiro osatha m'cipani ca asisitere, cimodzimodzinso. Ici ndico cifukwa ansembe a ku Kitwe sanakhutire ndi kakhadi kakale ka mtsikanayo. Cikalata catsopano cimasonyeza kuti munthu anabatizidwadi, ndiponso kuti sanamangepo ukwati wina m'chalichi.

Kuno kum'mawa mabuku amenewa ndi cuma cakale. Ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, m'malire mwenimweni mwa Malawi ndi Zambia wa lero, ndipo kucokera kumeneko ankayendera midzi ya mbali ino. Pambuyo pake kunatsegulidwa Minga, Naviruli, Chassa ndi mamishoni ena. Fort Jameson inakhala dera loima palokha mu Mpingo mu 1937, inakhala dayosizi mu 1959, ndipo mu 1968 inatenga dzina la Chipata. M'nthawi ya Ambuye Firmin Courtemanche, ya Ambuye Medardo Mazombwe, kufikira ya Ambuye George Lungu, colembera sicinagone. Mabuku oyamba analembedwa m'Cilatini, ndipo amene wazolowera kalembedwe ka ansembe akale amatha kupezamo makolo a agogo ake.

Komanso anthu a kum'mawa ndife oyenda. Abale athu anapita ku migodi, ku Lusaka, ku Harare ndi ku Joni, ndipo ana ao amalembabe makalata kufunsa za ubatizo wao. Tinalandiranso alendo: pa nkhondo ya ku Mozambique anthu zikwizikwi anathawira kuno, ambiri nakhala ku Ukwimi, dera la Petauke, kuyambira 1987. Mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992 anayamba kubwerera kwao, koma maina a ana ao obatizidwa kuno anatsala m'mabuku athu. Dzina limodzi likatayika m'kabati ya ku Chipata, wovutika angakhale munthu wa ku Tete.

KOMPYUTA ILOWA M'OFESI

Dziko la Zambia linalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka, koma m'maparishi athu nthawi imeneyo tinkagwiritsabe taipi ndi makina opukusa a sitensulo. Kompyuta yathu yoyamba inabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mphatso yocokera kwa abwenzi a wansembe wina wa ku Ulaya. Inali yaikulu ndi yolemera, ndipo usiku tinkaifunda nsalu ngati khanda. Asisitere ena, amene tsopano anapuma mu mtendere, anadzipereka kukopera maina a m'mabuku a ubatizo kuti kufufuza kuzifulumira. Anagwira nchitoyi madzulo alionse kwa zaka zingapo, m'pulogalamu yochedwa Access 97, ndipo mwa cisomo ca Mulungu anadutsa buku la 1997 denga lisanadonthe.

Asisiterewo ankasunganso makope pa timadisiki ta floppy. Kadisiki kamodzi kankalowa 1.44 MB cabe, moti cithunzi cimodzi ca foni ya lero nthawi zambiri sicingakwanemo. Kampani ya Sony inaleka kupanga timadisikiti mu 2011, ndipo makompyuta atsopano alibe ngakhale kamwa lotilowetsera. Tathu tikali m'katoni, tambiri tinacita nkhungu.

Patapita zaka pafupifupi khumi tinasamukira m'kompyuta yaciwiri, ya Windows XP. Kusamuka kumeneko kunayenda bwino cifukwa Asisitere analipo: anaikamonso pulogalamu yomweyo kucokera pa CD yake, ndipo anadziwa kumene failo ya maina inkakhala. Kompyutayi inatitumikira kupyola msinkhu wake. M'cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, inayamba kudwala: kuzima yokha, kulira ngati cigayo cakutha. Apa mpamene khonsolo ya parishi inagwirizana zogula yatsopano. Koma tsopano Asisitere kunalibe, ndipo nzeru zao sanazisiye pa pepala. Ifenso sitinawafunse akali moyo.

CINALAKWIKA N'CIYANI?

Amai aja atapita, Bambo Mfumu anaitanitsa mnyamata wina wa m'kwaya amene anaphunzira za makompyuta ku Lusaka. Atayang'ana pa galasi kwa kanthawi, anamwetulira mwaulemu.

"Aphunzitsi, pepani," anatero, "apa munasamutsa cikwangwani, nyumba munaisiya."

Anatifotokozera kuti kacithunzi ka UBATIZO sikanali failo ya maina ai. Kanali kolozera cabe, ngati cikwangwani ca m'mbali mwa mseu conena kuti mishoni ili uku. Mukazula cikwangwani ca ku Msipazi nkukacizika ku Lundazi, mishoni sikutsatani. Amene anatithandiza kusamuka anakopera zonse zooneka pa galasi ndi za m'foda ya makalata, ndipo anacita zimenezi ndi mtima wabwino. Koma failo yeniyeni inali kwina, mkati mwa foda ya pulogalamu, kumene diso la munthu wofulumira silifika.

Anatiphunzitsanso kusiyana kwa zinthu ziwiri zimene ife tinkaziyesa cimodzi. Mafailo, ndiwo makalata, zithunzi, nyimbo ndi mindandanda, ali ngati cimanga: mumawola m'nkhokwe yakale nkukathira m'yatsopano, ndipo cimakhala cimanga comweco. Pulogalamu ili ngati cigayo. Cigayo simungocinyamula nkucitula pabwalo kuti ciyambe kugaya. Ciyenera kumangidwa pa maziko, kulumikizidwa malamba ndi magetsi. Momwemonso pulogalamu poikidwa imamwaza tizigawo take m'malo ambiri a kompyuta ndi kudzilembetsa m'kaundula wa Windows. Kuikopera ngati failo sikuthandiza. Iyenera kuikidwanso mwatsopano kucokera pa CD yake kapena pa intaneti, ndipo kawirikawiri imafuna nambala ya cilolezo imene munalandira pogula.

Vuto lacitatu linali lakuti ngakhale failoyo ipezeke, kompyuta yatsopano sikanaitsegula. Access ya 2013 ndi zonse zotsatira sizitsegula mafailo a Access 97. Zili ngati kalata ya agogo yolembedwa m'cinenero cimene adzukulu sanaciphunzire: pafunika womasulira wa mbadwo wapakati.

Tisaganize kuti izi zimagwera ife osauka tokha. Ku England kuli buku lochedwa Domesday Book, kaundula wa minda ndi cuma wolembedwa pa zikopa mu 1086, ndipo likuwerengekabe mpaka lero. Mu 1986, pokumbukira zaka 900 za bukulo, wailesi ya BBC inasonkhanitsa kaundula watsopano wa dziko lonselo mothandizidwa ndi ana a sukulu, nausunga pa madisiki a makono a nthawi imeneyo. Zaka 20 zisanathe, makina owerengera madisikiwo anali atasowa, ndipo akatswiri anacita kuvutika kuti apulumutse nchitoyo. Cikopa cinapirira zaka 900, disiki inatsala pang'ono kulephera 20.

KUFUKULA NKHOKWE YAKALE

Mwai wathu unali wakuti kompyuta yakale inali isanacoke. Khonsolo inali italonjeza kuipereka kwa acinyamata, koma Bambo Mfumu anacedwa kusaina, ndipo inali m'cipinda cosungiramo katundu, pansi pa mipando yothyoka. Titailumikiza ku magetsi inangolira pang'ono nkukhala cete.

Mnyamata uja sanataye mtima. Anati kompyuta ikafa, kawirikawiri cimene cafa ndi mbali ya magetsi kapena bolodi, pamene hard disk, kabokosi kacitsulo kosunga zonse, kangakhale kamoyo. Anamasula zomangira, natulutsa kabokosiko, nakalumikiza ku kompyuta ina ndi cingwe capadera ca USB cimene anabwereka kwa okonza makompyuta m'tauni. Asanatsegule kanthu kalikonse anayamba wakopera zonse pa disiki ina, ponena kuti hard disk yodwala ingathe kukupatsani mpata umodzi wokha. Failo ya Asisitere inapezeka. Kenaka tinafunafuna kompyuta yokhala ndi Access ya 2007, imene imamvabe cinenero cakale, ndipo pa imeneyo tinasandutsa maina onse kukhala mndandanda wamba wotsegulika m'mapulogalamu ambiri.

Tinaganiza kuti nchito yatha, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzina la mtsikana wathu linapezeka, pamodzi ndi la makolo ake, la amai ake a ubatizo ndi nambala ya m'buku. Koma tsiku linalembedwa kuti 4 Juni 1997. Ine ndinakana. Ndinkakumbukira bwino kuti linali Lamulungu lotsatira Pasaka, ndipo Pasaka ya 1997 inali pa 30 Malichi. Tsono ubatizowo unacitika pa 6 Epulo. Titafufuza tinapeza cifukwa. Ife timalemba 06/04/1997 kutanthauza tsiku la 6, mwezi wa 4. Kompyuta yatsopano inabwera itakonzedwa mwa ciwerengero ca ku America, kumene amayamba ndi mwezi, ndipo inawerenga kuti mwezi wa 6, tsiku la 4. Masiku onse osapitirira 12 anatembenuzika motero mwakacetecete. Tikanapanda kuona, tikanapereka zikalata zabodza zodindidwa cidindo ca parishi.

Tinapezanso zina ziwiri. Agogo ena obatizidwa atakula, amene caka cao cobadwa cinalembedwa mwacidule kuti 28, kompyuta inawayesa obadwa mu 2028. Ndipo cilembo ca ŵ, cimene makompyuta akale analibe ndipo Asisitere ankacilemba ndi zilembo zapadera zoikidwa m'kompyuta yao, cinasanduka cizindikiro cacilendo. Onse a mfunda wa Mbeŵe olembedwa motero sankapezeka powafufuza.

Pa nkhani ya mtsikanayo, Bambo Mfumu anayerekeza nambala ya m'kompyuta ndi zidutswa za tsamba loonongeka, ndipo zinagwirizana. Ulimbitso wake unapezeka m'buku la ulimbitso. Koma kompyuta inkadziwa zokhazo zimene Asisitere analemba pa nthawi yao. Za ukwati sikanatha kucitira umboni. Apa panafunika anthu amoyo. Malamulo a Mpingo, pa nambala 876, amalola kuti ubatizo utsimikizidwe ndi mboni imodzi yodalirika ngati palibe wina amene angalakwiridwe. Amai ake, amai a ubatizo ndi ine tinapereka umboni, ndipo Bambo Mfumu, atafunsa ku ofesi ya dayosizi, analemba cikalata ndi kalata yofotokoza zonse kwa ansembe a ku Kitwe.

MALANGIZO KWA OSAMUKA

Zimene tinaphunzira ndi misozi ndikuzipereka kwa inu kwaulere.

Coyamba, musanagule kompyuta yatsopano, khalani pansi ndi pepala pamaso pa yakale, pamodzi ndi onse amene amaigwiritsa nchito. Lembani nchito iliyonse imene imagwira: makalata, mndandanda wa ubatizo, ndalama za mtulo, nyimbo za kwaya, maimelo, zithunzi. Pa nchito iliyonse funsani mafunso awiri: imacitika ndi pulogalamu iti, ndipo failo yake imakhala pati? Safunsa anadya phula.

Caciwiri, koperani, musadule. Kudula kumacotsa failo kumene inali, ndipo magetsi akazima pakati pa ulendo mungathe kutaya zonse ziwiri. Koperani pa hard disk yapadera yolumikiza kunja, kenaka kucoka pamenepo kupita m'kompyuta yatsopano. Fulashi imene yayenda m'makompyuta ambiri a m'tauni muyambe mwaipima ngati ilibe vairasi.

Cacitatu, funani zobisika. Maimelo a pulogalamu ya Outlook amakhala m'failo yaoyao. Mau acinsinsi olowera m'maimelo amakhala atasungidwa m'kompyuta yakale mwakuti ambirife tinawaiwala kale. Zilembo zapadera nazo ziyenera kusamutsidwa. Onaninso ngati pulinta yanu yakale ingagwirizane ndi kompyuta yatsopano.

Cacinai, sonkhanitsani ma CD ndi manambala a cilolezo a mapulogalamu anu. Pano pali ciyeso. Wina adzakuuzani kuti angakuikireni pulogalamu yodula popanda kulipira. Lamulo lacisanu ndi ciwiri silinapatule zinthu za m'kompyuta, ndiponso mapulogalamu obedwa ndiwo kawirikawiri amabwera ndi mavairasi. Alipo mapulogalamu abwino aulere ndi ololedwa, monga LibreOffice, amene amalemba makalata, kuwerengera ndalama, ndi kutsegula mafailo ambiri akale, ngakhale a WordPerfect.

Cacisanu, kompyuta yakale ikali moyo, sandutsani mafailo ofunika kukhala a mtundu wotsegulika paliponse: makalata akhale PDF, mindandanda ikhale CSV. Caka cizilembedwa conse ndi manambala anai, ndipo kompyuta yatsopano muiuze kuti muli ku Zambia isanayambe kuwerenga masiku.

Cacisanu ndi cimodzi, yesani. Werengani kuti maina anali angati m'yakale ndipo ali angati m'yatsopano. Sankhani maina 20 kapena 30 a zaka zosiyanasiyana, muwayerekeze ndi buku lenileni, cilembo ndi cilembo, tsiku ndi tsiku.

Cacisanu ndi ciwiri, sungani makope atatu: limodzi m'kompyuta, lina pa hard disk yapadera yotsekeredwa m'kabati, ndi lina kunja kwa nyumbayo, kumene Bambo Mfumu ndi dayosizi angagwirizane. Moto, mbala kapena mphezi ya m'dzinja zikalowa m'ofesi, sizisankha. Ndipo kompyuta yakale isacoke pakhomo mpaka patapita miyezi ingapo, nchito zonse za pa caka zitayesedwa m'yatsopano.

Cotsiriza, lembani zonsezi m'kope, ndipo odziwa akhale awiri kapena atatu. Ansembe amasinthidwa, akalaliki amapuma, akatekisti timakalamba.

CINSINSI CA ANTHU A MULUNGU

Pali cina cimene cinatiopsa titacizindikira. Kompyuta ija tinatsala pang'ono kuipereka kwa acinyamata inali ndi zambiri kuposa maina a ubatizo. Munali makalata a milandu ya maukwati, mndandanda wa odwala amene gulu losamalira odwala kunyumba linkawayendera, ndi maina a mabanja olandira thandizo. Anthu anatiuza zimenezi potikhulupirira ngati Mpingo. Zikanafika m'manja mwa ana, ngakhale ana abwino, mawa lake zikanamveka pa citsime.

Dziwani kuti kufufuta failo sikuicotsa kwenikweni. Kompyuta imangocotsa dzina lake pa mndandanda, koma zolembazo zimatsalira pa disiki mpaka zina zitalembedwa pamwamba pake, ndipo wodziwa angathe kuzibweza. Musanapereke kapena kugulitsa kompyuta yakale, hard disk yake ipukutidwe ndi pulogalamu yopukutira, kapena icotsedwe ndi kusungidwa, kapena iphwanyidwe. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act la 2021, koma ife Akhristu tinali nalo kale lamulo lacisanu ndi citatu, limene limatiletsa kuononga mbiri ya mnzathu. Cimodzimodzinso amene mwamuitana kudzakuthandizani akhale munthu wodziwika, ndipo agwire nchitoyo pamaso panu.

NANGA M'MABANJA MWATHU?

Mwina mukuti kwanu kulibe kompyuta. Koma foni ili m'thumba mwanuyo ndi kompyuta ndithu, ndipo imasinthidwa kawirikawiri kuposa ya ku ofesi. M'menemo muli zithunzi za ubatizo wa mwana, mau a agogo ojambulidwa asanamwalire, manambala a abale, makalata a munda ndi a sukulu. Pa maliro angapo ndaona amai amasiye atagwira foni ya malemu amuna ao, yotsekedwa ndi nambala imene palibe akuidziwa, pamene m'katimo muli zonse za ndalama za banja. Mwamuna ndi mkazi amene analumbira pa guwa kuti adzakhala thupi limodzi asabisirane zotsegulira za zinthu zimene ana adzazifuna.

Tsono musanasinthe foni, pemphani mwana wodziwa akuthandizeni kusunga kope la zithunzi, manambala ndi mauthenga a WhatsApp, ndipo yakale musaigulitse musanaone kuti zonse zafika m'yatsopano. Zithunzi zocepa zofunika kwambiri zitsukitseni pa pepala. Makhadi a ubatizo, a ulimbitso ndi a ukwati muwaike m'pulasitiki, m'bokosi lacitsulo, ndipo muwajambulenso ndi foni. Mwana akalandira sakramenti kwina, funsani ngati uthenga wafika ku parishi ya ubatizo wake.

AMAI AJA ABWERANSO

Patatha masabata awiri amai aja anafikanso pa njinga ya mdzukulu wao. Bambo Mfumu anawapatsa envulopu, nawauza kuti kope lina latumizidwa kale ku Kitwe. Amaiwo anagwada, naomba m'manja, kenaka anamasula kathumba ka nsawa nakaika pa tebulo pambali pa kompyuta yatsopano. Ndinawauza kuti woyenera nsawazo ndi mnyamata wa m'kwaya, ndi Asisitere amene anakhala madzulo ambiri akulemba maina a ana a anthu ena. Amaiwo anapempha dzina la Asisiterewo kuti akawaperekere Misa.

Ukwati unamangidwa mu Disembala, ndipo uthenga wake unafika ku parishi yathu kuti ulembedwe. Popeza tsamba lakale silingalandirenso inki, Bambo Mfumu, ndi cilolezo ca ku dayosizi, atsegula buku latsopano lolembamonso maina onse a pa masamba oonongeka. Ndikulemba ndine, ndi dzanja, Lacitatu lililonse masana, ndikuyerekeza kompyuta, zidutswa za buku lakale ndi makhadi amene Akhristu a ku nthambi akubweretsa. Buku ndilo mboni yoyamba pamaso pa Mpingo. Kompyuta ndi mnyamata wake wothamanga. Denga nalo talikonza, ndipo kabati taliika pa njerwa.

Inu a m'makhonsolo a maparishi ndi atsogoleri a miphakati, pa msonkhano wanu wotsatira funsani mafunso atatu awa: mabuku athu ali bwanji, kope la za m'kompyuta lili kuti, ndipo ndani wina akudziwa kutsegula? Mukapeza kuti woyankha ndi mmodzi yekha, mupatseni womuthandiza mwezi uno.